Diresi la Perpetua

Pomwe inkakwana naini koloko m'mawa, Perpetua Zulu anali atasita kale malaya asanu ndi simbi ya makala pakhonde la nyumba yawo ku Kabwata. Munali mu 1975. Amuna ake, ba Mathias, kalaliki wa ku Longacres, anali atalemba sewero la moyo wa awiriwo, kuyambira tsiku lomwe anachoka ku Chipata ndi sutikesi yamalata. Wochapa ndi kusoka zovala za osewera onse anali Perpetua, ngakhale dzina lake silinali papepala lomata pachitseko cha holo yoonetseramo sewerolo. Sankadandaula. Mawu a sewerolo ankawadziwa pamtima, poti osewerawo ankayeserera m'nyumba mwake, akumwa tiyi wake.

Koma tsikuli linali lomaliza kuonetsa sewerolo, ndipo iye anali asanalionere. Mtsikana wosewera ngati Perpetua ankavala diresi lobiriwira la Perpetua mwiniyo, lokhalo lopitira pagulu.

Anaika simbi pamwala n'kupita kumpanda kukaitana mnansi wake, mayi ake a Helen.

"Bana Helen!"

"Shani, ba madamu ba olemba?" anamulonjera mnansiyo akuseka.

"Nibwelekeniko dilesi yanu ya kuchalichi. Yanga ili na Perpetua wa mu sewelo. Nifuna nikamuone ngati amayenda monga ine."