Thabwa la Amayi pa Ulalo wa Asodzi

Kunja kwa Kitwe kuli damu lokhala ndi ulalo wosaolotsa munthu. Umangolowa m'madzi n'kuthera pompo, ngati woumanga anaitanidwa kumaliro ntchito ili pakati. Ndili mtsikana ndinkavutitsa anthu ndi funso lakuti anaumanga ndani. Atate ankati ndi azungu a kumgodi, kuti azimangirirapo mabwato awo a Loweruka, ndipo munthu wakuda ankapondapo pokhapokha ali ndi tsache m'manja. Mkulu wina wa kumpingo kwathu ankatsutsa zolimba, amvekere unali wodutsitsa mapaipi a madzi. Onse ankagwirizana pa chimodzi: eni ake atapita mpanda unagwa, ulalo n'kusanduka wa aliyense wokhala ndi mbedza.

Koma matabwa amaola, ndipo panalibe wowakonza. Choncho asodzi anadziikira lamulo lakuti mvula ikatha, wofuna kuwedza paulalo abwere ndi thabwa limodzi. Wopanda thabwa akawedzere m'mabango, kwa udzudzu ndi misundu.

Chaka chimene atate anachotsedwa ntchito kumgodi, ulalo uja ndiwo unawasunga. Sindikunena za nsomba ayi, popeza mphende zomwe ankabwera nazo ngakhale mphaka akanaziseka. Ndikunena zoti anali ndi kopita m'mawa, ndiponso anthu owapatsa moni waulemu. Mvula inatha, thabwa analibe.

Amayi anali ndi bokosi limene anabwera nalo kuchokera ku Katete atangokwatiwa. Anawakhomera ndi atate awo, n'kulemba dzina la mwana wawoyo pachivundikiro ndi penti yobiriwira. Agogowo anamwalira amayi ali kuno, ndipo uthenga unafika maliro ataikidwa kale. Tsiku lina amayi pofuna kutenga yunifomu yawo ya chigwirizano, anapeza bokosi lafunditsidwa chitenje, chivundikiro palibe.

Sanalalate, ndipo n'zimene zinandiopsa.

"Vala nsapato," anandiuza. "Ukandionetse kumene atate ako amapemphera masiku ano."

Tinakwera minibasi, kwinako n'kuyenda pansi. Asodzi atationa tikubwera anadziwa kuti zinthu zavuta. Mdala wina wa Chibemba, yemwe onse ankamumvera, anatichingamira kuti atichedwetse.

"Mwaiseni, ba mayo. Apo mwaponda, ilo thabwa ni la mu shafti ya mgodi, ni lakale kupambana ine."

Anatitsogolera pang'onopang'ono, akutchula thabwa lililonse ngati mbale wake. Ili chinali chitseko cha nyumba ya mgodi, nambala yake ikuonekabe. Ili linachoka pa lole yonyamula makala. Ili chinali chikwangwani cha bawa yomwe inatsekedwa mwini wake atatembenuka mtima. Pa matabwa a azungu aja panatsala atatu okha, akuda bii, olimba kuposa onse obwera pambuyo. Ine ndinaiwaliratu chimene tinabwerera. Ndinafunsa za misomali, za zitsulo zapansi, ngati zinalidi njanji, mpaka amayi ananditsina pamkono.

"Nanga iyi si benchi ya ku Sande sukulu imene tinkati yabedwa?" anafunsa amayi, akuloza ndi chala cha kuphazi.

"Awe mukwai, mabenchi yamafanana," anayankha mdalayo, maso ali kumadzi.

Atate anali kumapeto kwenikweni, chipewa chili kale m'manja. Pafupi ndi pomwe anaima panali thabwa lalifupi lotseka chibowo. Analikhoma chozondotsa kuti dzina lisaoneke, koma amayi analizindikira ndi chipsera cha nsimbi yamakala chimene iwo omwe anachipanga ndili khanda. Anagwada, n'kusuzumira kunsi kwa ulalo. Nanenso ndinasuzumira. Zilembo zobiriwira zinali pomwepo, zikuyang'ana madzi.

"Amayi, ndizula pompano," anatero atate. "Wina andibwereke hamala."

Mdala uja anapukusa mutu. Misomali inali italing'amba kale pawiri, ndipo kulizula kukanangotulutsa nkhuni.

Amayi anadzuka, n'kusasa mawondo.

"Lisiyeni. Atate anga anakhoma bokosi loti lindifikitse kwa inu, osati loti muzilipondaponda. Enawa apondepo, sakudziwa. Inu mukudziwa. Phazi lanu lisadzagunde pamenepa."

Ndinawakwiyira atate tsiku limenelo, komanso anandimvetsa chisoni moti sindinathe kuwayang'ana kumaso. Bokosi linakhala lofunda chitenje mpaka kalekale, ndipo nkhaniyo sinatchulidwenso m'nyumba.

Kuyambira pamenepo atate ankalumpha thabwa lija, popita ndi pobwerera. Anzawo anawaseka kwa mwezi wathunthu kuti adyetsedwa mankhwala, kenako osadziwa nawonso anayamba kulumpha. Lero achinyamata amalumpha onse. Wina anandiuza kuti pamenepo panamira mkazi woyembekezera, wina kuti ng'ona inatulutsirapo mutu. Ndinakangana naye wa ng'onayo mpaka kummero kuuma, iye n'kungoti, "Ba anti, imwe simuziba mbiri ya pano."

Ulendo womaliza kupita ndi atate kudamu, panali patatha zaka ziwiri amayi atatisiya. Mawondo a atate anali atatha, akuyendera ndodo. Chivundikiro chija chinali chitaola kalekale, ndipo pamalo pake munthu wina anakhomapo thabwa la paini loyera. Titafika pamenepo anaima.

"Atate, pondani," ndinawauza. "Si lija ayi."

"Ndikuona kuti si lija," anayankha. "Koma amayi ako sanandimasule."

Anandipatsa ndodo kuti ndigwire, n'kutsamira paphewa langa ndi thupi lonse. Anatukula mwendo umodzi, kenako winawo, akubuula, mpaka anaoloka.