Kope Loyenda pa Lole ya Kabichi

Masiku ano ophunzira a ku yunivesite amalembera limodzi pa foni, aliyense ali kwawo, ndipo zimaoneka kuti uyu walemba chakuti. Ife tinalibe zimenezo. M'zaka zija matipate atangoyamba, tinali aphunzitsi anayi amene tinkaphunzira Chingerezi ku yunivesite tikugwirabe ntchito: ine ku Linthipe, anzanga awiri ku Kabwazi, ndi mayi wina ku Mphunzi. Tinauzidwa kulemba chimangirizo chimodzi pamodzi, koma malikisi aliyense ankayenera kulandira molingana ndi zimene waikamo. Mayi aja anali atalephera kale phunziroli kamodzi, ndipo kulepheranso kukanawachotsetsa.

Popeza kukumana kunali kovuta, tinagula kope limodzi. Aliyense ankalemba gawo lake, n'kupereka kopelo kwa dalaivala wa lole yobweretsa kabichi kumsika. Linkandipeza lili m'jumbo, likununkha anyezi.

Wamkulu pagulupo ndinali ine, ndipo Chingerezi ndinkachinyadira. Ndime za mayi aja zinali ndi mfundo zamoyo, zonena za ana amene amajomba kusukulu nyengo yokumba kachewere, koma ziganizo zawo zinkandipweteka m'maso. Poyamba ndinkangokonza ndi cholembera chofiira. Kenako ndinaona kuti n'chapafupi kulembanso ndime yonse pamwamba pake. Kope likazungulira, palibe amene ankakhudza mzere wanga, pakuti kwathu kuno wamng'ono salemba pamwamba pa dzanja la wamkulu. Mmodzi wa a ku Kabwazi ankangolemba m'mphepete kuti, "Zili bwino, achimwene." Ine ndinkayesa kuti akugwirizana nazo.

Tsiku lina mayi aja anabwera nalo okha kopelo, atakwera pamwamba pa matumba a kabichi.

"Bambo, nkhani yanga ya ana a kachewere ija yapita kuti?" anandifunsa.

"Ilimo, mayi. Ndangoiveka zovala zabwino."

"Mwaiveka mpaka kumaso. Ine mayi wake sindikuizindikira."

Anaseka, nanenso ndinaseka, n'kupitiriza kukopera chimangirizocho pa mapepala okapereka ku yunivesite.

Chimangirizo chitabwezedwa, aphunzitsi athu a ku yunivesite anali atalemba kuti Chingerezi chinali chosalala, koma munkamveka munthu mmodzi yekha. Anaitanitsa kope lija kuti aone ntchito ya aliyense. Masamba a anzanga a ku Kabwazi, amene ndinkachita nawo manyazi pang'ono powakonza, ankawerengekabe, ndipo anzangawo anakhoza movutikira. Masamba a mayi aja anali ofiira okhaokha, mawu awo osaoneka pansi pa anga. Ndinalemba kalata yofotokoza, yolongosoka ndithu, koma sinasinthe kanthu. Mayi aja analephera, ndipo ku yunivesite sanabwererenso.

Anapitiriza kuphunzitsa ku Mphunzi mpaka kupuma ntchito. Tikakumana kumsika amandipatsa moni ndi manja awiri monga kale, ndipo nkhaniyi sanaitchulepo.

Kope linabwezedwa kwa ine monga wamkulu wa gulu. Nthawi zina ndimalitulutsa panja pa dzuwa kuti ndione zimene iwo analemba pansi pa inki yanga. Maso amatopa ndisanamalize tsamba.