Chipanda chimene ndinakana

Ndinaganiza zochoka tsiku limene ndinavuula ukonde panyanja ya Chiuta n'kupezamo matemba osadzaza ndi mbale yomwe. Ndinauza mkazi wanga Esinati kuti ndikupita ku Nampula, ndikabwerako ndi malata. Iye anangoti, "Bola mukabwere muli inu nomwe."

Ku Nampula ndinkasenza simenti kwa omanga nyumba. Miyezi yoyamba ndinkatumiza ndalama pa foni, Lamulungu lililonse n'kuimbira kumudzi. Koma Chimakuwa sindinkachimva, Chipwitikizi changa chinali chopemphera madzi basi, ndipo tikaweruka ndinalibe wocheza naye. Kubaraka kokha, kogulitsira mowa, n'kumene sankafunsa kuti kwanu n'kuti. Ndinayamba ndi kabotolo kamodzi. Chaka chisanathe, foni ndinali nditagulitsa. Tsiku lina ndinatema mnzanga ndi botolo pamutu, ndipo chomwe tinayambanirana sindichikumbuka mpaka lero. Akhoti anandipatsa zaka ziwiri ku kadeya, kapena kuti kundende.

Kumeneko kunkabwera mayi wina wachipatala Lachiwiri lililonse, n'kutikhazika pamodzi ife a mowa ndi a chamba. Masabata oyamba manja ankanjenjemera moti phala linkatayikira pachifuwa. Mayiyo sankapsatira. "Inu mulibe zolawa," ankatero. "Dontho limodzi, mwabwerera kuno." Potuluka anandipatsa kalata yoti ndikapitirize chithandizo kwathu.

Nditafika, kalatayo ndinapita nayo kuchipatala chakufupi. Anaitembenuza uku ndi uku, n'kundibwezera. "Bambo, izi n'zakutauni. Ife kuno tili ndi mankhwala a malungo." Basi, chithandizo chinathera pomwepo.

Esinati sanandilowetse m'nyumba. "Kakhaleni kwa amayi anu. Dzinja lino likatha osanunkha mowa, mudzabwere, mwana adzakudziweni." Sindinatsutse. Anali atalima yekha zaka zitatu, akulera mwana wathu amene ndinamusiya ali wakhanda.

Tsono kwathu munthu wochokera kundende salandiridwa wambawamba. Amamusambitsa mankhwala pamphambano, kenaka amafulula mowa wouza makolo kuti mwana wabwera, ndipo chipanda choyamba amamwa mwiniwakeyo. Kusambako ndinasamba. Masana anthu anasonkhana pansi pa mango, Esinati ataima chapatali atagwira mwana wathu padzanja. Amalume anathira pang'ono pansi, n'kunditambasulira chipanda.

"Pepani amalume, ndipatseni thobwa," ndinatero.

"Thobwa? Makolo ako ukuwayesa ana? Ungonyowetsa milomo, mphwanga."

"Ine ndilibe zonyowetsa milomo. Ndikayamba sindileka."

Amayi anayandikira n'kunong'ona, "Mwana wanga, usatichititse manyazi. Anthu onsewa abwerera iwe."

Ndisaname, mowawo ndinkaufuna. Fungo lokha linandidzaza mate m'kamwa. Ndinalandira chipandacho ndi manja awiri, mwaulemu wake, n'kuchiika pansi chodzaza. Amalume anakutumula fumbi pathalauza n'kunena kuti kundende ndinakaphunzirako mwano. Esinati anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kutembenuka kumapita kwawo. Sindikudziwa ngati anakondwa kapena anachita manyazi ngati enawo.

Kuyambira pamenepo ndikuona zakuda. Kuno munthu akafuna omuthandiza kupalira amafulula mowa, ndiye ine ndikupalira ndekha, udzu ukundiseka. Kudoko anzanga akale akandiona amakuwa kuti, "Abusa afika, bisani mabotolo!" Zimandiwawa, abale, zimandiwawa kwambiri. Ku kadeya alonda ankaonetsetsa kuti mowa usandifike. Kuno amene akundigwirira chipanda ndi anthu ondikonda, ndipo akutero ndi mtima woyera. Nanga munthu ukwiyire yani?

Dzinja latsala ndi miyezi iwiri kuti lithe. Amalume akuti mwambo sunathe, makolo sakudziwabe kuti ndinabwera, ndipo chilichonse chogwa pamudzi pano chili pamutu panga. Dzana mwana wa mlongo wanga anayamba kutentha thupi. M'mawa uno ndapeza amayi akuviika chimera cha mowa wina.