Chikhadabo cha Mdala Wokonza Njinga

Mdala wokonza njinga zamoto kumapeto kwa msewu safuna kuuzidwa matenda a injini. "Mwini njinga amanena zomwe akuganiza, chitsulo chimanena zomwe zinachitika," amatero. Chikhadabo cha chala chake chamkombaphala sachiwenga, chifukwa ndicho amafufuzira m'silinda, chibowo chimene pisitoni imakweramo ndi kutsika.

Tsiku lina mayi wina wamasiye anabweretsa njinga yakalekale ya malemu amuna awo. Mwana wawo, bambo wapabanja pake, anangoikwera kamodzi injini n'kuuma panjira, ndipo chiyambire tsikulo awiriwo sankalankhulana.

"Bambo ake ankaisamala ngati dzira. Iye waipha," anatero mayiwo.

Mdalayo anamasula injini, n'kutulutsa pisitoni yopserera mbali imodzi. Atayendetsa chikhadabo m'silindamo, chinkakodwa m'mizere yakuya. Malemuwo ankawadziwa bwino. Ankayenda opanda sefa ya mpweya, ndipo utsi ukachuluka ankangothira oilo wolimba. Kunena zimenezi kunali kudzudzula munthu amene sangadziyankhire.

"Bweretsani chala chanu, mayi," anatero. "Bala la dzulo pachitsulo limawala. Mizere iyi ndi yakuda, fumbi laikumba kwa zaka zambiri. Mwana wanu anangotsamira mtengo umene chiswe chinadya kale."

Mayiwo anayang'anitsitsa mwaye womwe unawatsalira pachala. Mdalayo anawapatsa kansanza, koma iwo sanapukute.

"Musaitseke injiniyo, bambo, ikhale chomwecho," anatero motsitsa mawu. "Ndikamutenge mwana wanga, naye adzagwire yekha."