Tsiku Limene Ndinayang'ana Bambo M'maso

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi pamene ndinaimba vayolini koyamba pagulu. Inali nthawi ya Covid, malire a Western Australia atatsekedwa. Tinkakhala ku Ellenbrook, kufupi ndi mzinda wa Perth, patatha zaka zitatu chichokereni ku Lilongwe, ndipo kunena zoona ndinalibe mnzanga ndi mmodzi yemwe. Bambo ankagwira ntchito ku migodi ya kumpoto, yopita pa ndege, ndipo akabwera ankangofikira kugona.

Mwayi unabwera ndi mliri womwewo. Aphunzitsi anga a vayolini anali ndi achimwene awo, mkulu waimvi dzina lake a Keith, amene ankatsogolera kagulu koimba bluegrass. Ndi nyimbo zakumidzi za azungu, zachibale ndi kantire uja azibambo akwathu amamukonda pa wailesi, koma zothamanga kwambiri. M'kaguluko munali banjo ya a Keith, gitala, besi yaikulu ngati chitseko, ndi kagitala kakang'ono kotchedwa mandolini. Wa vayolini wawo anali atapita kukaona ana ku Melbourne, malire n'kumutsekera komweko.

"Tikuyesa pa konsati ya Loweruka," anandiuza a Keith m'Chingerezi. "Zikayenda, malowa ndi ako. Zikakanika, tiziimba anayi." Munthuyo sankadziwa kuzungulira. Malowo ndinkawafuna ndi mtima wonse, chifukwa m'galaja mwawo, mmene tinkayeserera, ndi mokhamo mmene anthu ankasangalala ndikalowa.

Konsatiyo inali masana, pa famu ina kutali ndi Perth, m'shedi yometeramo nkhosa. Fungo la ubweya linali thoo, anthu atakhala motalikirana pa mabelo a udzu, ntchentche zakuno zosamva kuingitsa zikutera pakamwa. Magulu otchuka a kum'mawa kwa Australia sakanatha kubwera, ndiye oimba tinali akonkuno basi: banja lina la alimi a tirigu, amayi atatu ogwira ntchito kuchipatala, kenako ifeyo. Bambo anandiperekeza, ngakhale anali atangotsika ndege dzulo lake.

Oimba bluegrass amazungulira maikolofoni imodzi. Pakati pa nyimbo aliyense amapatsidwa mpata woti asendere kutsogolo n'kuimba yekha, enawo akumuperekeza chapansipansi. M'galaja muja a Keith ankachita kuitana, "Tadala," ine n'kulowa. Palibe anandiuza kuti pa siteji saitana dzina. Amangokuyang'ana n'kukweza nsidze. Tsikulo a Keith analinso atavala masiki chifukwa cha chifuwa chawo, nkhope yonse itangotsala maso okha.

Tsono ine ndinaleredwa ndi bambo anga. Kwathu mwana woyang'ana wamkulu m'maso ndi wamwano, ndipo ndikaiwala ankandifunsa kuti, "Ukunditong'olera maso, ndine saizi yako?" Choncho pa siteji paja ndinaima bwinobwino, maso ali pa nsapato za a Keith, ndikudikira dzina langa. Banjo inatsika mawu, gitala n'kumangogunda, pakati pa nyimbo n'kutsala dzenje. Wa mandolini ndiye anathamangira kukakwirira. Nyimbo yachiwiri chimodzimodzi. Ndinkazindikira kuti china chake chikulakwika, koma osadziwa kuti n'chiyani.

Nthawi yopuma ndinakabisala kuseri kwa shedi, pafupi ndi thanki ya madzi. Bambo anandipeza komweko.

"Mkulu uja wandifunsa ngati wamukwiyira," anatero. "Akuti wakupatsa mpata kawiri konse, iwe osamuyang'ana n'komwe. Akuganiza kuti sukufuna."

"Sanandiitane, adadi."

"Akuti amaitana ndi maso."

Bambo anavula chipewa n'kukanda m'mutu. Ndinkayembekeza kuti anena kuti azungu alibe mwambo, tiye tizipita, poti mawu amenewo ankawakonda. Koma anati, "Zimenezi ndinakuphunzitsa ndine. Sindinalakwe, koma pano zikuluzitsa malo. Tayesera pa ine. Ndiyang'ane."

"Aa, adadi."

"Ndati ndiyang'ane, nthawi ikutha."

Ndinadzutsa mutu. Ndinali ndisanawaonepo bambo anga chonchi. Maso awo anali ofiira ndi tulo, m'makwinya muli fumbi la kumgodi limene sopo analephera kuchotsa, ndipo nsidze zinali zitayamba imvi. Ndinamva chisoni chimene sindinachiyembekezere. Anakweza nsidze ngati a Keith, moipa kwambiri, mpaka ndinaseka. Woyamba kuthawitsa maso anali iwowo.

Titabwerera pa siteji, ndinawayang'anitsitsa a Keith mpaka m'maso mwanga munayamba kuyabwa. Nsidze zitakwera ndinasendera pa maikolofoni, ndipo poyambira ndinaphonya pang'ono. Koma ndinalowa, ndinamaliza, mlimi wina kumbuyo n'kuimba mluzu. Pomangirira zida a Keith anangoti, "Lachitatu m'galaja, usachedwe." Ndinaimba nawo mpaka malire atatsegulidwa, ndipo wa vayolini uja atabwerako, a Keith anatisunga tonse awiri.

Nthawi imeneyo ndinkaona ngati amene anachita chinthu chovuta tsikulo ndinali ine. Panopa ndikudziwa kuti anali bambo. Munthu amene anasiya kwawo, abale ake ndi ulemu umene anali nawo kumeneko amagwiritsitsa tochepa timene anabwera nato, ndipo mwambo wa m'nyumba mwake unali kamodzi mwa timeneto. Anaumasula okha ndi manja awo, kuseri kwa shedi ya nkhosa, kuti mwana wawo asabwerere kokhala yekhayekha. Sanandiuzepo kuti zinawawawa, ndipo ine sindinawafunsepo.