Anandiuza kuti foni indiwerengera zakudya, ndinakagwera m'khola

Kakiliniki kolipira kaja ka pamsewu wopita ku Limbe, ndikulankhula ndi inu. Dzina sinditchula, mukudzidziwa.

Ine ndine mlimi wa ng'ombe za mkaka kuno ku Mikolongwe. Mwezi watha adokotala anu anandipeza ndi shuga. Anandipatsa mapiritsi, nkunditumiza kuchipinda cha alangizi a zakudya. Ndinapezako mayi wachitsikana, zikhadabo zopenta. Anatenga foni yanga, nkuikamo pulogalamu ya anthu ochita masewera olimbitsa thupi. Akuti ndizilembamo chilichonse chomwe ndadya kwa masabata awiri. Akuti masabatawo akatha ndikabwerenso Lachinayi eyiti koloko, tikatsegule limodzi tsamba loonetsa kuchuluka kwa shuga, mafuta, mchere ndi zomanga thupi m'zakudya zangazo.

Ndinafunsa pomwepo: "Nanga nandolo alimo? Makaka? Kalongonda?"

Osandiyang'ana nkomwe, anati, "Amayi, muzingosankha chithunzi chofanana nacho."

Chabwino. Ndinamvera. Ophunzira ndi iwo.

Kalongonda mulibe, ndinasankha nyemba za m'chitini. Thobwa mulibe, ndinasankha chakumwa china chabulauni cha m'botolo. Chigumu ndinachisaka mpaka maso kuwawa, ndinangodina keke. Madzulo aliwonse foni inkandionetsa mzere wofiira, akuti ndapyola muyeso. Pa chiyani? Siinkanena. Ndikadina kuti ndione, inkangotulutsa kachithunzi ka loko. Ndinkati mwina amatsegula ndi alangiziwo.

Ndiye ndinayamba kudzimana. Mbatata ndinasiya. Phala la m'mawa ndinasiya. Mapiritsi okha osaphonya. Ine wodzuka faifi koloko, kumweta udzu, kutunga madzi, kukama, kupalasa njinga ndi chigubu kupita kogulitsira mkaka.

Tsiku la naini ndikukama, manja anayamba kunjenjemera. Thukuta lozizira. Mdima m'maso. Ndinadzidzimuka ndili chagada m'ndowe, ndowa itagubuduka, ng'ombe itaponda pafupi ndi khutu langa. Bambo a kunyumba ndi amene anandikoka, nkundimwetsa madzi a shuga uku akundiitana dzina ngati ndamwalira kale. Akanakhala kuti apita kudimba, lero bwenzi mukuwerenga za maliro.

Ndinaimba nambala yomwe alangiziwo anandipatsa. Kanayi. Osayankha.

Lachinayi ndinafika twente tu eyiti. Chitseko chokhoma. Wa pakauntala akuti, "Akubwera, ali m'njira." Naini koloko, ali m'njira. Teni koloko, ali m'njira. Njira yake yochokera ku Joni? Anatulukira kota pasiti leveni, chipisi m'manja, moni osapereka.

Ndinawafotokozera za kugwa kwanga. Akuti, "Pepani, zimachitika." Anatenga foni, nkudina tsamba lija. Loko. Anadinanso. Loko.

"Iii, ayamba kulipiritsa eti? Kale zinali zaulere. Muli ndi khadi la kubanki lolipirira kunja?"

Khadi lolipirira kunja! Ine? Fungo la ndowe silinandichoke nkomwe.

Kenako anayamba kuwerenga zomwe ndinalemba, nkuphulika kuseka. "Amayi, inu a shuga mukudya keke katatu pa sabata? Mukufuna kudzipha?"

Ndinati chimenecho ndi chigumu cha mgaiwa ndi nthochi, chopanda shuga, ndipo ndi iwo omwe anandiuza kusankha chofanana. Nkhope yawo inasintha. Akuti iwo sangakumbukire zonse zimene amauza anthu. Akuti manambala onse ndi olakwika chifukwa ndinalowetsa zolakwika, ndiye ndiyambirenso masabata ena awiri.

Ndinafunsa funso limodzi: "Inuyo pulogalamuyi munaigwiritsapo ntchito?"

"Ayi, foni yanga ndi yodzaza. Tinangouzidwa kuti tiziikira odwala."

Mwamva? Munthu akupereka chinthu chomwe sanachitsegulepo, kwa odwala omwe akumwa mankhwala otsitsa shuga. Palibe anandichenjeza kuti mapiritsi amenewa ndi njala siziyendera limodzi. Ndinakazimva kwa anamwino a kuchipatala cha Nguludi tsiku lotsatira. Iwo anangotenga mbale, nkundionetsa ndi dzanja: apa ndiwo zamasamba, apa nandolo, apa chokhutitsa. Mphindi khumi, nkhani yatha.

Potuluka kwa alangizi aja ndinaona bambo wina wachikulire wa ku Likoswe akulowa, foni atainyamula ndi manja awiri ngati mbale ya chopereka. Ndinawadikira pabenchi. Atatuluka ndinawafunsa zomwe awauza. Akuti, "Andiuza ndizisankha chithunzi chofanana." Pulogalamuyo tinaichotsa m'foni mwawo pomwepo.

Tsono eni kiliniki, ndiyankheni. Ndani anasankha pulogalamu yosadziwa chakudya ngakhale chimodzi cha m'Chiradzulu muno? Ndani anaiyesa? Ndi angati akudzimana kudya pano chifukwa cha mzere wofiira womwe inu nomwe simungaumasulire?

Amene muli ndi makolo a shuga, yang'anani mafoni awo lero.

Lachinayi likubwerali ndikakhalanso pabenchi pomwepo kuyambira m'mawa, ndipo aliyense wotuluka m'chipinda chimenecho ndikamuuza zonsezi. Ngati mukufuna, mukandithamangitse pamaso pa anthu.