Dzanja Lamanja la Anasi

Anasi sanabadwe wolusa chonchi ayi, musamunamizire. Kwawo ndi kwa Mavwere. Sukulu anailekera sitandade faifi, ukwati anaulawa kawiri n'kuulavula kawiri konse. Chimene chinakhalitsa m'manja mwake ndi mandasi. Zaka khumi ndi ziwiri ali pa boda ndi beseni lake, ndipo ngakhale azimayi a ku Chipata odzapikula mtedza sankamudutsa osagula.

Kenako manja aja anamuukira. Tinsungu, kuyabwa, khungu kung'ambika n'kumatuluka timadzi. Ogula anayamba kuyang'ana dzanja m'malo moyang'ana mandasi.

Ndiye kunabwera anthu a kafukufuku ochokera ku Lilongwe, atanyamula mafuta opaka amene ankafuna kuona ngati amachizadi. Anasi anadinda chala papepala asanamalize n'komwe kumuwerengera. Mkulu wawo, bambo Aleck, wa magalasi ndi mawu ofewa ngati wansembe, anamupatsa kachubu.

"Muzipaka dzanja limodzi lokha, mayi, m'mawa ndi madzulo, milungu sikisi. Linalo mulisiye, tikufuna tidzafananize."

"Liti?"

Bambo aja anang'amba envulopu. "Lamanzere."

"Achimwene, lamanzere ndi la kuchimbudzi. Ndipatseni lamanja."

"Sitisankha ndife. Ndi kompyuta imachita maere."

Kompyuta yoti chibadwire sinakazingepo mandasi.

Pakutha milungu iwiri, lamanzere linasalala ngati la mkazi wa bwana wa pa esiteti. Lamanja lili gwa, mamba okhaokha. Anasi anayesa kubisa lamanja m'chitenje n'kumapereka mandasi ndi lamanzere. Mdala wina wa kabaza anangowayang'ana osalandira.

"Mayi, ine ndine galu wanu? Kwanu amapatsa munthu chakudya ndi manzere?"

Tsiku limenelo beseni linabwerera kunyumba lodzadza. Madzulo ake Anasi anafinya kachubu kaja n'kupaka manja onse awiri, mpaka m'zigongono. Inunso mukanatero, musadziyeretse.

Mafuta a dzanja limodzi sangakwane awiri. Anatha mlungu wachinayi. Atapita kukapempha ena, bambo Aleck anamugwira manja, kuwatembenuza uku ndi uku, nkhope n'kugwa ngati aona maliro. Chifukwa chake? Onse awiri anali akupola.

"Mayi, mwasokoneza zotsatira. Tifananiza chiyani tsopano? Tikuchotsani m'kafukufuku."

"Mukundichotsa chifukwa ndikuchira?"

"Chifukwa simunatsate malamulo. Tinakufotokozerani."

"Munandifotokozera za dzanja. Za ntchito imene limagwira munandifunsa? Inu tiyi wanu uja amakupatsirani ndi manzere?"

Bambo aja anakonza magalasi, n'kulemba kakalata koti akalandire mankhwala a masiku onse kuchipatala, omwe Anasi anali atapaka kale chaka chathunthu osaona kanthu. Anasi anapempha kuti angomugulitsa kachubu kamodzi. Akuti mafutawo sanavomerezedwe, mwina adzafika m'masitolo pakatha zaka zitatu.

"Zaka zitatu ana anga azidya zotsatira?"

Panali kale mayi wina pakhomo, manja ali m'chitenje, akudikira envulopu yake.

Mwezi usanathe, zilonda zinabwerera manja onse awiri. Pamalo pake pa boda pano pamakhala Stelia, amene mandasi ake mukhoza kugendera mango. Anasi akusenda mtedza wa eni ake kwa Dambe, ntchito imene safunsa maonekedwe a dzanja. Mukamupeza, mupatseni moni wapakamwa. Za mafuta musayambitse.